Mbiri ya Kamfa ndi Ulendo Wace Wofika m'Makomboni a Lusaka

Ikafika miyezi ya June ndi July, Lusaka amazizira kwambiri, pakuti mzindawu unamangidwa pa malo okwera mamita pafupifupi 1,300 pamwamba pa nyanja yamcere. Madzulo utsi wa mbaula umadzaza njira za m'Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere ndi George, ndipo usiku m'nyumba zambiri mumamveka ana ali kutsokomola. Pamenepo mai amadzuka, natenga kacitini kapena kabotolo ka mafuta onunkhira, nayamba kutikita mwana pa cifuwa ndi pa msana. Posacedwa fungo lolasa m'mphuno limadzaza cipinda conse.

Fungo limenelo ndi la kamfa. Anthu a m'makomboni analizolowera ali makanda, kotero kuti ambiri amayesa kamfa cinthu ca pa mudzi, monga mtondo ndi munsi. Koma kamfa ndi mlendo wocokera kutali. Asanafike pa kantemba ka m'Chawama anadzera m'manja mwa amalonda a maiko ambiri kwa zaka zoposa 1,400. Anagulidwa ndi golidi, anautsa nkhondo, anatonthoza odwala osawerengeka, ndiponso anapha ana ena amene makolo ao anafuna kuwaciritsa. Munthu ali yense wosunga mankhwalawa m'nyumba ayenera kudziwa mbiri yace.

MITENGO IWIRI YA KUM'MAWA

Kamfa weniweni ndi timibulu toyera tonga mcere, tofewa ngati phula, timene timasanduka mpweya pang'onopang'ono tikasiyidwa poyera. Kale ankacokera ku mitengo ya mitundu iwiri. Woyamba ndi mtengo wautali kwambiri wa m'nkhalango za zisumbu za Sumatra ndi Borneo, umene akatswiri a zomera amaucha Dryobalanops aromatica. Mu mtengo umenewu kamfa amaundana yekha m'ming'alu ya mkati mwa thunthu. Koma si mtengo uli wonse umene umakhala naye, ndipo munthu sangadziwe poyang'ana khungwa lokha. Ofuna kamfa ankagwetsa mitengo yambiri nkuing'amba osapezamo kanthu. Cifukwa ca ici nchitoyo inazingidwa ndi miyambo ndi zoletsa. Ena mwa anthu a ku Malaya polowa m'nkhalango ankasiya cinenero ca masiku onse, nalankhula mau apadera, poopa kuti mzimu wosunga mitengo ungamve cimene adzera nkubisa cumaco.

Kamfa ameneyu ankatulukira pa doko la Barus, ku gombe la kumadzulo kwa Sumatra, ndipo kufikira lero anthu a kumeneko amamucha kapur barus. Mau akuti kapur m'cinenero cao ndiwo njereza, cifukwa ca kuyera kwace. Dzinali linayenda pamodzi ndi malonda: Amwenye amati karpura kapena kapur, Aluya amati kafur, Aswahili amati kafuri, Angerezi amati camphor, ndipo m'masitolo a Lusaka langokhala kamfa.

Mtengo waciwiri ndiwo Cinnamomum camphora, wacibale wa mtengo wa kotapela, umene umamera kumwera kwa China, ku Japan ndi pa cisumbu ca Taiwan, cimene Azungu kale ankacicha Formosa. Mwa uwu kamfa amacita kuchezedwa, ndipo ali yense amene anaona m'mene amachezera kacasu angathe kumvetsa nchitoyo. Thunthu ndi mizu ya mtengo wokalamba, wa zaka 50 kapena kuposa, amazitema tizibenthu ting'onoting'ono, naziika pamwamba pa madzi owira. Nthunzi imatenga kamfa wa m'nkhunizo, imadzera mu mpopi kunka m'cotengera cozizira, ndipo m'menemo kamfa amamatirira ngati cisanu coundana. Wa mtundu uwu anali wocuruka ndi wosabvuta kugula, ndipo ndiye amene anadzafika m'nyumba za anthu wamba.

MCERE UMENE SUNALI MCERE

M'caka ca 637 ankhondo a Aluya analanda mzinda wa Ctesiphon, likulu la mafumu a Persia, pa mtsinje wa Tigris pafupi ndi pamene pali Baghdad lero. Wolemba mbiri wochuka, al-Tabari, amene anamwalira mu 923, anasimba kuti m'nyumba za mfumu asilikari anapezamo kamfa wambiri, ndipo posamdziwa anamuyesa mcere, namthira mu ufa wa mkate. Anazindikira kulakwa kwao mkate utawawa m'kamwa. Akulu anati safunsa anadya phula. Asilikariwo anangotaya mkate, koma ena amene analakwa cimodzimodzi m'zaka za pambuyo anataya ana.

Sipanapite nthawi yaitali Aluya anamdziwa bwino kamfa, namlemekeza koposa. Dzina lace limachulidwa m'Korani, mu sura ya 76. Sing'anga wao wamkulu, Ibn Sina, amene anakhala ndi moyo kuyambira 980 kufikira 1037, anamuwerengera pakati pa mankhwala oziziritsa thupi. Asilamu anazoloweranso kuthira kamfa m'madzi otsiriza posambitsa maliro, ndipo mwambo umenewu unafika kuli konse kumene Cisilamu cinafika, ngakhale pakati pa Ayao a m'mbali mwa nyanja ya Malawi ndi Amwenye amalonda a ku Chipata ndi ku Lusaka. Amwenye a cipembedzo ca Cihindu amamyatsa popemphera, pakuti kamfa amayaka ndi lawi lowala osasiya phulusa.

Marco Polo, mlendo wa ku Venice, anadzera ku Sumatra mu 1292, ndipo anasimba kuti kamfa wa dera la Fansur, kumene kuli Barus, ankasinthanitsidwa ndi golidi wolemera cimodzimodzi. Patapita zaka mazana anai amalonda a ku Holland ankanyamula kamfa wa ku Japan pa doko la Nagasaki kunka naye ku Amsterdam, kumene ankamuyenganso. Zombo zao zinkaima ku Cape, ndipo mtengowo unatsikira komweko. Bwanamkubwa Willem Adriaan van der Stel anabzala mitengo ya kamfa pa munda wace wa Vergelegen pakati pa 1700 ndi 1706, ndipo isanu mwa mitengo imeneyo ikali ciimire. Koma ku KwaZulu-Natal mtengowu unaswana kopitirira, ndipo tsopano umawerengedwa ngati cilombo colanda malo a mitengo ya cibadwidwe.

NKHONDO YA KU FORMOSA

M'zaka za m'ma 1800 kamfa anasanduka cuma ca maboma. Boma la China linalamula kuti kamfa yense wa ku Formosa azigulitsidwa kudzera m'manja mwace. Amalonda Acingerezi anakana lamuloli, ndipo mu 1868 zombo za nkhondo za ku Mangalande zinaombera doko la Anping. Caka cotsatira China anabvomera kuti alendo azigula mwaufulu.

Cimene cinakuza njala ya kamfa sicinali cifuwa kapena cimfine iai. Mu 1870 John Wesley Hyatt wa ku America analembetsa njira yosakaniza kamfa ndi thonje loviikidwa mu asidi, napanga cinthu cacilendo cochedwa celluloid, kholo la mapulasitiki a lero. Ndi cimeneci ankapangira zipeso, mabatani, zogwirira mipeni, ndipo pambuyo pace lamba wautali wojambulirapo zithunzi za kanema. Amuna amene ankasonkhana usiku kuonera baisikopo m'makomboni a migodi ya Luanshya, Nkana ndi Mufulira m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940 ankaona zithunzi zodzera mu lamba wokhala ndi kamfa. Lambayo anali wosacedwa kugwira moto, ndipo analeka kupangidwa ca m'ma 1951. Mu 1887 Alfred Nobel anathiranso kamfa mu onga wace wosacita utsi.

Japan analanda Formosa mu 1895, ndipo mu 1899 boma lace linadzitengera malonda onse a kamfa. Pa nthawi imeneyo cisumbuco ndico cinkatulutsa gawo lalikulu la kamfa wa dziko lonse lapansi. Koma mitengo ya m'zigwa inali itatha, ndipo yotsala inali m'mapiri mokhala eni dziko akale. Odula mitengo ankalowamo ndi asilikari. Eni dziko anamenya nkhondo poteteza nkhalango zao, ndipo boma linawazinga ndi mizere ya alonda, mwina ndi waya wamagetsi, nkumawakankhira pamwamba caka ndi caka. Anthu a dziko lino, amene anaona minda ya makolo ao ikugawidwa kwa atsamunda m'mbali mwa njanji ndi ku Fort Jameson, sangadabwe nayo nkhani yotere.

Mphamvu ya Japan pa malondawa inathyoledwa ndi akatswiri osakaniza mankhwala. Mu 1903 Gustaf Komppa wa ku Finland anasonyeza kuti kamfa angathe kupangidwa popanda mtengo wace, ndipo mafakitale anayamba kumpanga kucokera ku utomoni wa mitengo ya paini. Kamfa wambiri amene ali m'mafuta ogulitsidwa lero ndi wopangidwa m'njira imeneyi.

KAMFA PA NTHAWI ZA MILIRI

Kalekale anthu a ku Ulaya ankakhulupirira kuti matenda amayenda mu mpweya wonunkha, ndipo cotero ankaganiza kuti fungo lamphamvu lingathe kuwapitikitsa. Pamene kolera inafika ku Ulaya mu 1831, sing'anga wina wa ku Germany, Samuel Hahnemann, analangiza anthu kuti azimwa madontho a kamfa, ndipo ambiri anamtsata. Koma mu 1854 dotolo John Snow wa ku London anasonyeza kuti odwala kolera m'dera lina anali kutunga madzi pa mpopi umodzi, ndipo patapita zaka 30 Robert Koch anaonetsa poyera kacirombo kace. Kolera iri m'madzi ndi m'zakudya zodetsedwa, ndipo fungo liri lonse silingaithawitse.

Kumapeto kwa 1918, nkhondo yoyamba ya dziko lonse iri kutha, kunagwa mliri wa fuluwenza umene unapha anthu mamiliyoni ambiri. Unalowa m'madoko a South Africa, nukwera ndi njanji kudzera ku Bulawayo ndi Livingstone, nufalikira m'midzi pamodzi ndi anchito othawa m'migodi ndi amtengatenga obwera ku nkhondo. M'maiko ambiri makolo ankasokera kamfa m'timatumba, namangirira ana m'khosi, monga momwe ena amamangira cithumwa. Timatumbato sitinateteze munthu, koma tinakuza malonda. Ku Greensboro, ku America, wogulitsa mankhwala Lunsford Richardson anali atapanga mafuta otikita a kamfa, menthol ndi bulugamu, amene mu 1912 anapatsidwa dzina lakuti Vicks VapoRub. M'caka ca mliriwo malonda ace anakwera kucokera pa madola 900,000 kufika pa madola 2,900,000. Mwini waceyo anamwalira mu 1919.

Mafuta ena a mtundu womwewu anabadwa m'zaka zomwezo. Zam-Buk inayamba kupangidwa ku Leeds, ku Mangalande, kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900, zaka 60 dzina lakuti Zambia lisanakhale dzina la dziko, ndipo maina awiriwa alibe cibale. Tiger Balm inacokera ku Rangoon, ku Burma, ku banja la Aw Chu Kin, ndipo ana ace anasamutsira nchitoyo ku Singapore m'zaka za m'ma 1920. Ndipo mu 1937, mu Johannesburg, Hans Rose wocokera ku Germany anapanga mafuta odzola amene anadzachuka ndi dzina lakuti Ingram's Camphor Cream.

NJANJI, MIGODI NDI MAKOMBONI

Kamfa sanapeze anthu a dziko lino ali manja lende. Makolo ankadziwa kale masamba onunkhira monga canzi ndi mpungabwi. Wodwala cimfine ankamfunditsa nsaru pamwamba pa mphika wa masamba owiritsa kuti apume nthunzi yace, ndipo pamene mtengo wa bulugamu unafika kucokera ku Australia masamba ace analowa mu mphika womwewo. M'nkhalango za mapiri a Misuku ndi Nyika muli mtengo wochedwa Ocotea usambarensis, umene khungwa lace limanunkhira ngati kamfa, ndipo ku Kenya kuli citsamba cacibale ca mpungabwi cimene m'masamba ace muli kamfa weniweni. Cotero mafuta a m'citini atafika, anthu sanawaone ngati nzeru yacilendo, koma ngati mphika wakale uja wolowa m'thumba la malaya.

Njanji inafika pa mudzi wa mfumu Lusaaka mu 1905, ndipo mu 1935 boma linasamutsa likulu lace kucokera ku Livingstone kudza ku Lusaka. M'zaka zomwezo migodi ya mkuwa inali kutsegulidwa kumpoto, ndipo amuna ena ambirimbiri ankapita ku Wankie, ku Salisbury ndi ku Joni. Wenela anapitiriza kulemba anthu a dziko lino kufikira 1966, pamene boma la Zambia linamletsa. Machona pobwera ankanyamula bokosi lacitsulo, m'mene munali bulangete, suti ndi nsaru za mai a kunyumba, ndipo potsegula bokosilo pankatuluka fungo la timipira toyera toteteza zobvala ku njenjete. M'masitolo a Amwenye ku Kamwala timacitini ta mafuta otikita tinkakhala pamodzi ndi sopo, macesi ndi singano.

Boma la atsamunda linkaona munthu wakuda ngati mlendo m'tauni, wodzagwira nchito nkubwerera kumudzi, ndipo nyumba zimene linamanga zinali zocepa. Matero anayamba kumangidwa mu 1951. Amene analibe nyumba ya boma kapena ya bwana ankadzimangira okha pa minda ya Azungu ndi pafupi ndi mokumba miyala, ndipo ndimo m'mene Kalingalinga, Kanyama, Chawama ndi George anayambira. Ufulu utadza mu 1964 zitupa zinatha, ndipo anthu anakhamukira ku likulu. Mu 1963 Lusaka anali ndi anthu pafupifupi 123,000, koma pofika 1969 anapitirira 260,000. Mtendere anatsegulidwa mu 1967 kuti alandire ena mwa anthu a ku Kalingalinga, ndipo mu 1974 kunakhazikitsidwa lamulo lobvomereza makomboni odzimangira ndi kuwakonza.

Moyo wa m'makomboniwa unali womcititsa munthu kutsokomola. Banja lonse linkagona m'cipinda cimodzi kapena ziwiri, mbaula iri mkati. M'cilimwe fumbi linkadzaza mpweya, ndipo m'dzinja madzi ankaima m'Kanyama, pakuti pansi pace pali thanthwe la njereza ndipo madzi ali pafupi, monga zinaonekera pa cigumula ca 1978. Cipatala cinali kutali, mzere wace wautali, ndipo tsiku lopita kumeneko linali tsiku lotaya malipiro. Kacitini ka ndalama zocepa kankakhala miyezi, nkutumikira banja lonse. Anthu ankadzola pa cifuwa, pa mphumi mutu ukamawawa, pa msana wa wophwanya miyala, polumidwa ndi udzudzu, ndi pa ming'alu ya ku zidendene nyengo yozizira.

CIMENE KAMFA AMACITA M'THUPI

M'khungu la munthu muli timitsempha timene nchito yace ndi kumva kutentha ndi kuzizira. Kamfa amatitakasa timeneti, kotero kuti pamalo podzolapo pamamveka kuzizira, kenaka kufunda, ngakhale thupi silinasinthe. Uthenga umenewu umaphimba uthenga wa ululu ndi wa kuyabwa kwa kanthawi. Ndico cifukwa cace wotikitidwa pa msana amapeza bwino, ndipo mpumulo umenewo ndi weniweni.

Za m'mphuno zinayesedwa ku Cardiff mu 1983 ndi Ronald Eccles ndi anzace. Iwo anapima mpweya wodutsa m'mphuno za anthu asananunkhize kamfa, bulugamu ndi menthol, ndiponso atanunkhiza. Anthuwo ananena kuti mphuno zatseguka, koma makina anasonyeza kuti njira ya mpweya sinakule konse. Mu 2010 madotolo a ku Pennsylvania, motsogozedwa ndi Ian Paul, anayesa ana 138 a zaka 2 kufikira 11 odwala cimfine, napeza kuti amene anatikitidwa mafuta otere anagona bwino koposa anzao, ndipo makolo ao anagonanso. Tulo ta wodwala si kanthu kakang'ono. Koma cimfine cimatha cokha pa masiku ace, mafuta alipo kapena palibe.

Pamenepa ndi pamene pagona ngozi yoyamba, ndiyo kucedwa. Mwana wopuma mofulumira, amene nthiti zace zimalowa mkati popuma, angakhale ali ndi cibayo, ndipo cibayo cifuna mankhwala a ku cipatala tsiku lomwelo. Munthu wamkulu amene watsokomola milungu iwiri, naonda, natuluka thukuta usiku, ayenera kukapimitsa makhololo, pakuti cingakhale cifuwa cacikulu, cimene cimacira ndi mankhwala a miyezi 6 operekedwa ulere m'zipatala za boma. Amene anagwira nchito pansi pa mgodi angakhale ndi fumbi la miyala m'mapapu, bvuto limene silicoka ndi kutikita, ndipo ku Kitwe kuli nyumba yopima mapapu a anthu a m'migodi kuyambira masiku a atsamunda. Mafuta a kamfa amagoneka cifuwa usiku umodzi, matenda ali kukula.

SUPUNI IMODZI

Ngozi yaciwiri ndi kumwa. Mu January 1934, ku Budapest, dotolo Ladislas Meduna anayamba kubaya odwala misala jekeseni wa kamfa ndi colinga cakuti agwe ndi kuphupha ngati akhunyu, poganiza kuti kugwako kuwathandiza. Anasankha kamfa cifukwa madotolo ankadziwa kale kuti akalowa wambiri m'magazi amasokoneza ubongo.

Kwa zaka zambiri m'masitolo a mankhwala munkagulitsidwa mafuta amadzimadzi otikitira, m'mene magawo 20 mwa magawo 100 anali kamfa. Botolo lace linkafanana ndi la mafuta a nsatsi otsegula m'mimba, ndipo ngakhale maina ace m'Cingerezi ankamveka mofanana. Usiku, pa kuunika kocepa, makolo ambiri anatenga botolo lina m'malo mwa linzace. Supuni imodzi ya tiyi ya mafuta amenewo inali ndi kamfa pafupifupi galamu imodzi, ndipo muyeso umenewo ndi wokwanira kupha mwana wamng'ono. Kenaka boma la America linawaletsa mafutawa, ndipo pambuyo pace linalamula kuti mankhwala ogulidwa popanda kalata ya dotolo asapitirire magawo 11 mwa 100. Komabe mu 2008 ana atatu a mu New York anagonekedwa m'cipatala ali kuphupha cifukwa ca timibulu ta kamfa togulidwa m'timasitolo ta m'makwalala.

Mwana amene wameza kamfa amamva kuocha m'kamwa, amasanza, amasokonezeka, ndipo kuphupha kungayambe m'mphindi zocepa kapena lisanathe ora limodzi ndi theka. Madotolo amalangiza kuti asamsanzitse, ndipo asampatse mkaka kapena mafuta ophikira, pakuti mafuta amafulumizitsa kamfa kulowa m'magazi. Cofunika ndi kuthamangira naye ku cipatala, atanyamula citini kapena botolo limene wadyamo. Cifukwa comweco mwambo wa ena wonyambita mafuta otikita pofuna kufewetsa pa khosi, kapena kuwasungunula m'tiyi, ndi woipa. Kamfa amalowanso m'thupi kudzera pa bala, pa cilonda ca moto ndi mkati mwa mphuno, ndipo opanga mafutawa amalemba okha kuti asadzoledwe pa mwana wosakwana zaka 2. Sayeneranso kuyandikizidwa ku mbaula, pakuti sacedwa kuyaka.

TIMIPIRA TA M'BOKOSI

Ngozi yacitatu ndi ya dzina. Timipira toyera ta m'mabokosi a zobvala ambiri amatichanso kamfa, koma tambiri mwa ito si kamfa konse. Timapangidwa ndi naphthalene, mankhwala ocokera ku phula la malasha. Alipo anthu, makamaka aamuna, amene amabadwa magazi ao ali operewera mphamvu ina yodzicinjiriza, imene madotolo amaicha G6PD. Cibadwa cimeneci cimayenda m'mtundu, ndipo ncofala m'maiko a malungo monga Zambia ndi Malawi. Munthu wotere amakhala wabwinobwino osadziwa kanthu, koma naphthalene akalowa m'thupi mwace magazi amasweka. Khanda lobvekedwa matewera kapena kufunditsidwa bulangete locokera m'bokosi la timipira limatenga mankhwalawa kudzera pa khungu ndi popuma. Pakapita tsiku limodzi kapena awiri maso ndi thupi zimasanduka cikasu, mkodzo umada, ndipo cikasu cikakwera cimaononga ubongo kwa moyo wonse. Maiko a mgwirizano wa ku Ulaya analetsa timipira ta naphthalene mu 2008.

Iripo njira yapafupi yosiyanitsira zinthu ziwirizi, imene madotolo oona za ululu amaidziwa. Kamfa weniweni akaponyedwa m'kapu ya madzi amayandama, koma naphthalene amamira. Ngakhale zitero, zonse ziwiri siziyenera kukhala pamene mwana wokwawa angafike, pakuti kwa iye kampira koyera ndi switi. Zobvala za khanda zocokera m'bokosi ziyenera kucapidwa ndi kuyanikidwa pa dzuwa lisanabvale.

MILIRI YA MASIKU ANO

Miliri sinathe ndi makolo. Mu October 1917 kunalibe Kanyama, koma zaka 100 pambuyo pace, mu October 2017, kolera inabuka m'makomboni a Chipata ndi Kanyama, ndipo pofika May 2018 odwala mu Lusaka anaposa 5,000. Inabweranso kumapeto kwa 2023, ndipo mu January 2024 bwalo la masewera la National Heroes linasanduka cipatala. Cimene cinapulumutsa anthu cinali madzi othiridwa klorini, madzi a mcere ndi shuga obwezera m'thupi, katemera, ndi kufika msanga kwa anamwino. Kuciyambi kwa 2021, Covid-19 itakula, mphika wa masamba unabwerera m'nyumba zambiri, olemera ndi osauka omwe, ndipo mau a Ciwemba akuti ukufutikila anamveka ponseponse. Masamba a bulugamu anagulitsidwa m'misika, ndipo ena ankaonjezamo mafuta a kamfa. Nthunzi inatonthoza mphuno monga mwa kale, koma sinaphe kacirombo, ndipo madzi owira ndi oopsya kwa mwana wofunditsidwa pamwamba pa mphika.

Lero ku Matero, Kanyama, Chawama, Chilenje ndi Chipata kuli zipatala zogoneka odwala, ndipo ku Kalingalinga, Mtendere ndi George kuli makiliniki. Mtunda umene unacititsa agogo kudalira kacitini wafupika. Kamfa akali ndi malo ace m'nyumba, pa khungu losang'ambika la munthu wamkulu ndi la mwana woposa zaka 2, pa msana wotopa ndi pa cifuwa ca cimfine wamba. Malo ace ena ndi pamwamba pa kabati, cibvundikiro citatsekedwa bwino, kutali ndi mbaula ndi kutali ndi manja a ana.